Mwana wanzeru kwambiri, kholo limodzi, ntchito ya tsiku lonse: njira iti ingatheke kuno ku Salima?

Mwana wa zaka 12 kapena 13 akayamba kunena kuti kusukulu akungotayako nthawi, kholo limayamba laganiza kuti ndi ulesi, kapena kuti wapeza anzake omusokoneza. Nthawi zambiri kholo limalondola. Koma pali ana ena amene akunena zoona. Buku la masamu la Fomu 1 analimaliza teremu yoyamba isanathe, mafunso amene amafunsa m'kalasi aphunzitsi amawayankha kuti "zimenezo mudzaziona ku Fomu 3", ndipo tsopano wayamba kukhala kumbuyo n'kumajambula m'kope kapena kuyambitsa phokoso. Kholo la mwana wotere likamva kuti kumayiko ena anthu amaphunzitsa ana awo pakhomo, mtima umakopeka.

Ndikulembera makamaka inu amene mukulera nokha, mayi kapena bambo, amene mumachoka pakhomo dzuwa likungotuluka kupita ku ofesi ku boma, kuchipatala, kumalo ogona alendo ku Senga Bay kapena pa benchi yanu ku Kamuzu Road, n'kubwerako kukuda. Kwa inu, nkhani ya zoti mwana aphunzire ndi yaing'ono. Mwana wanzeru chonchi mabuku amawatafuna yekha. Zovuta ndi ziwiri: akhala ndi yani kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, ndipo mayeso a boma akalembera kuti. Njira iliyonse imene ndiifotokoze pano ndikuiyeza pa zinthu ziwirizi.

Choyamba tichotse kaye mwana wa pulayimale. Lamulo la maphunziro la 2013 limati maphunziro a pulayimale ndi okakamiza, ndipo kusankhidwira ku sekondale ya boma kumadalira mayeso a PSLCE a Sitandade 8. Mwana wanzeru amene mwamuchotsa ali Sitandade 7 mwamuika pachiswe chotaya mwayi wake waukulu, woti dzina lake lituluke ku sukulu yabwino yogonera. Mulekeni apirire, alembe mayesowo ndi anzake. Zomwe zikutsatirazi ndi za mwana amene wadutsa pamenepo, kapena watsala pang'ono kudutsa.

Kumusiya pasukulu, n'kumamuwonjezera kunyumba

Njira iyi anthu amaiderera chifukwa siioneka ngati mwachitapo kanthu. Komabe pa mafunso athu awiri aja imayankha onse popanda inu kuvutika: masana ali m'manja mwa aphunzitsi, ndipo dzina lake lipita ku MANEB kudzera pasukulupo. Chomwe chimatsala ndi kunyong'onyeka kwake, ndipo apa ndi pamene muyenera kugwirapo ntchito.

Pitani mukaonane ndi ahedi, koma musakayambe ndi mawu oti "mwana wanga ndi wanzeru kuposa anzake". Ahedi aliwonse anamvapo mawu amenewo kwa makolo ambirimbiri ndipo sawagwedezanso. Tengani umboni: pepala la mayeso akale a JCE limene mwanayo walemba kunyumba inu mukuyang'ana wotchi. Pempho lanu likhale laling'ono ndi lotheka, monga loti pa phunziro la masamu aziloledwa kugwira ntchito ya m'buku la kalasi yapatsogolo akamaliza ya anzake, kapena mphunzitsi wa sayansi azimubwereka buku pa Lachisanu. Mphunzitsi wa pa CDSS amene ali ndi ana odzaza kalasi mpaka pakhomo sangamukonzere phunziro lakelake, koma kubwereka buku ndi kuchonga pepala limodzi pa sabata ambiri amavomera, ndipo ena amasangalala nako chifukwa nawonso amasowa mwana wowafunsa mafunso ovuta.

Madzulo ndi Loweruka ndi anu. Masamu owonjezera amene ku MSCE amatchedwa Additional Mathematics ndi chakudya chabwino cha mwana wotere, chifukwa masukulu ambiri oyendera sawaphunzitsa. Kuipa kwa njira iyi n'koti mwana amatha maola ambiri patsiku akumva zomwe akudziwa kale, ndipo ena amazolowera kukhoza osalimbikira. Chizolowezi chimenechi chimadzawapweteka ku yunivesite, kumene aliyense m'kalasimo anali nambala wani kwawo.

Kumudumphitsa kalasi

Izi zimachitika makamaka m'masukulu a pulaiveti, ndipo zimathandiza kwa chaka chimodzi basi. Mwana amene amaphunzira mwachangu amawapezanso anzake atsopanowo n'kuyambiranso kudandaula. Kudumpha kamodzi sindikutsutsa, makamaka ngati ndi wamsinkhu ndithu. Kudumpha kawiri kumapereka mwana wa zaka 15 ku mayeso a Fomu 4, kenako ku hositelo ya yunivesite ku Zomba kapena ku Thyolo pakati pa anthu a ndevu. Nzeru za masamu zimathamanga, koma kukhwima m'mutu kumayenda pa liwiro lake.

Kumuchotsa pasukulu kotheratu

Apa ndiye pali nkhani, chifukwa ndi njira imene makolo ambiri amaifuna mumtima, ndipo ndi imene imavuta kwambiri kwa kholo lolera lokha.

Mbali ya maphunziro ndi yotheka. Silabasi ya sekondale imakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, mabuku ovomerezeka amagulitsidwa m'masitolo a mabuku, mapepala a mayeso akale amayenda m'mafoni a aphunzitsi, ndipo MANEB imalola anthu kulemba MSCE ngati ophunzira apadera amene sali m'kaundula wa sukulu, bola alembetse pa malo olemberapo mayeso nthawi yake isanadutse. Mwana wanzeru akhoza kumaliza ntchito ya tsiku la kusukulu m'maola atatu. Pa intaneti pali maphunziro aulere monga a Khan Academy, ndipo pulogalamu ya Kolibri imalola kusunga maphunziro ambiri m'kompyuta kuti aziwerengedwa popanda bandulo, zomwe n'zofunika kuno kumene netiweki ndi magetsi zimabwera ndi kupita. Kasola kakang'ono kotchajira foni kapena tabuleti n'kofunika kuposa desiki.

Koma ganizirani tsiku lenileni. Mwachoka 6 koloko. Mwana wawerenga mpaka 10 koloko, ntchito yatha. Kwatsala maola asanu ndi awiri. Mu Okutobala nyumba ya malata ku Salima simukhalika masana, ndiye atuluka. Apita kuti? Mnyamata ali ndi kokapita kwambiri: ku vidiyo, ku pool, pa siteji ya akabaza, kapena ngati muli kufupi ndi nyanja, kudoko kumene anzake amsinkhu wake akupeza kale ndalama pokoka nawo makoka ndi kuyanika usipa. Mwana wanzeru amaona msanga kuti ndalama ili pomwepo, ndipo akailawa n'kovuta kumubwezera ku buku. Mtsikana vuto lake ndi lina. Aliyense akadziwa kuti amakhala pakhomo masana, amasanduka wantchito wa mudzi wonse: azakhali amusiyira khanda, aneba amutuma kuchigayo, inunso mwini mukayamba kumusiyira zochapa poti "ali pakhomo pomwe". Ndipo pali anthu ena amene amaonetsetsa kuti ndi nyumba iti imene mumakhala mtsikana yekha tsiku lonse. Izi sindikuzinena mongoopseza. Kholo lililonse la mwana wamkazi likudziwa zimene ndikutanthauza.

Choncho njira iyi ndimaivomereza pokhapokha pakhomo pali munthu wamkulu wokhazikika. Agogo sayenera kudziwa aljebura. Ntchito yawo ndi kudziwa kuti mwana ali pati, wadya, ndipo amene wagogoda pakhomo ndi ndani. Ngati palibe agogo, funsani ngati mwanayo angathe kumakhala pafupi ndi kuntchito kwanu. Amene ali ndi shopu yawoyawo ali ndi mwayi, ngakhale kuti chiyeso chomuika pa kauntala chimakhala chachikulu. Amene ali pa ntchito yolembedwa kawirikawiri sangathe.

Chachiwiri ndi sayansi. Mayeso a MSCE a Biology, Physics, Chemistry ndi Agriculture ali ndi pepala lochita ndi manja. Mwana amene wangoona pa vidiyo mmene amayezera asidi, tsiku la mayeso manja amanjenjemera, ngakhale akudziwa yankho lake pamtima. Muyenera kugwirizana ndi sukulu ina imene ili ndi labu kuti azipitako nthawi zina, ndipo zimenezi zimafuna ndalama komanso ubale wabwino ndi aphunzitsi. Musadikire Fomu 4 kuti muyambe kuufuna ubalewo.

Chachitatu ndi wochonga. Masamu mwana akhoza kudzichonga yekha poyang'ana mayankho kumapeto kwa buku. Chimangirizo cha Chingerezi sangathe. Ndipo Chingerezi ndi chimene chimagwetsa ana anzeru ambiri: popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE siituluka, ndipo kuti NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, imusankhire ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi chomwecho. Mwana wokonda masamu akasiyidwa yekha amathawa phunziro limene limamuvuta, n'kumathera tsiku lonse pa limene amalikonda. Pasukulu belu limamukakamiza. Pakhomo womukakamiza ndi inu, mutatopa, 8 koloko usiku.

Ena amalemba mphunzitsi wopuma pantchito kuti azibwera m'mawa, ndipo kuno aphunzitsi otere alipo ambiri amene penshoni siikuwakwanira. Zimayenda bwino mabanja atatu kapena anayi akasonkherana, ana n'kumakumana pakhonde la nyumba imodzi. Mtengo umatsika, mwana amapeza anzake, ndipo munthu wamkulu amakhalapo. Chenjezo langa n'loti mphunzitsi amene anazolowera kulembetsa manotsi pa bolodi kwa zaka makumi atatu akhoza kumutopetsa mwana wanu kuposa sukulu imene mwamuchotsako. Muyeseni kaye: mwana amufunse funso limene mphunzitsiyo sakulidziwa, muone ngati akwiya kapena anena kuti "tiye tifufuze".

Konzekaninso mawu a anthu. Achibale a bambo ake kapena a mayi ake a mwanayo adzamva kuti "wamusiyitsa sukulu", ndipo kwa kholo lolera lokha mawu amenewa amafika mpaka kwa ankhoswe. Ndi bwino amalume ake amve kuchokera kwa inu, ataona ndandanda ya maphunziro ndi mabuku, asanamve kwa anthu apanjira.

Sukulu ya masana, m'mawa kunyumba

Iyi ndi njira imene ndimaikonda kwa kholo limene latsimikiza kuti sukulu ya tsiku lonse ikumupha mwana mphwayi. Masukulu ambiri a sekondale a boma amakhala ndi makalasi a masana amene anthu amangowatchula kuti "open", omwe amayenda pansi pa Malawi College of Distance Education. Amayamba ophunzira a m'mawa akaweruka, amaphunzitsa ndi aphunzitsi a pasukulu pomwepo, ndipo mayeso a JCE ndi MSCE amalembetsa pomwepo.

Taonani mmene tsiku limakhalira. M'mawa, kukadali kozizira ndiponso mutu uli wopepuka, mwana akuwerenga payekha pa liwiro lake, zimene mwagwirizana usiku wathawu. Akadya nkhomaliro anyamuka kupita kusukulu, kumene akakhala mpaka nthawi imene inu mukuweruka. Maola oopsa aja a masana atsekeka. Ali ndi yunifolomu kapena chiphaso cha sukulu, choncho wofunsa kuti "mwanayu saphunzira?" ali ndi yankho. Labu ali nayo pafupi, womuchongera chimangirizo alipo, ndipo kulembetsa mayeso si mutu wanu. Fizi yake ndi yotsika poyerekeza ndi sukulu za pulaiveti.

Sindikubisirani zoipa zake. Makalasi a open ali ndi mbiri yoti ndi a anthu amene sanasankhidwe kapena akubwereza, ndipo mwana amene anazolowera kutamandidwa akhoza kuchita manyazi. M'kalasimo mumakhala anthu akuluakulu, ena apabanja, ndiye mwana wa zaka 13 amafunika kumuyang'anira kuti akucheza ndi ndani. Aphunzitsi amafika atatopa ndi makalasi a m'mawa, ndipo maola ndi ochepa. Koma kwa mwana amene tikukambayu kuchepa kwa maola si vuto, poti zambiri waphunzira kale yekha m'mawa. Iye akupita kukafunsa zomwe zamukanika, kugwira zida za sayansi, ndi kukhala pakati pa anthu. Chomwe simuyenera kuchita ndi kumuchotsa mwana amene wasankhidwira ku sekondale yabwino ya boma kuti mumuike ku open. Malo amenewo akapita sabwerera. Njira iyi ndi ya amene ali pasukulu yoyendera yosowa mabuku ndi aphunzitsi, kapena pa pulaiveti imene mukulipira ndalama zambiri osaona phindu.

Pa nkhani ya JCE: mayesowa anathetsedwa kwa zaka zingapo kenako anabwereranso mu 2021. Ngakhale mwana wanu akuoneka kuti wadutsa kale pamenepo, alembe. Ndi pepala lokhalo la boma limene lingasonyeze kuti zaka ziwiri zimene wakhala theka pakhomo sizinapite pachabe, ndipo limamuphunzitsa kukhala m'chipinda cha mayeso.

Mayeso a Cambridge

Makolo amene amawerenga za kunja amafunsa za IGCSE, mayeso a sekondale a bungwe la Cambridge la ku England. Ubwino wake kwa mwana wophunzira pakhomo ndi weniweni: mayeso amalembedwa kawiri pachaka, cha mu Meyi ndi Juni komanso mu Okutobala ndi Novembala, munthu akhoza kulemba maphunziro awiri kapena atatu ulendo uno ena n'kudzalemba ulendo wina, ndipo pa sayansi pali pepala lolemba limene limalowa m'malo mwa lochita ndi manja, choncho vuto la labu limachepa. Silabasi ndi mapepala akale zimapezeka pa intaneti mosavuta.

Vuto ndi thumba. Malipiro a phunziro lililonse amatsatira ndalama yakunja, ndipo amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa kuti bajeti ya zaka zinayi yomangidwa pa mapaundi imatha kusweka usiku umodzi. Mabuku ake ndi odula ndipo ku Salima simuwapeza. Kolembera kwake ndi ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, ndipo mapepala samalembedwa tsiku limodzi. Amamwazikana masabata angapo. Kholo lolera lokha lipempha tchuthi kangati kuntchito? Ngati muli ndi m'bale wodalirika ku Lilongwe woti mwana akakhale naye nyengo ya mayeso, komanso cholinga chanu n'choti adzaphunzire kunja, ganizirani. Ngati cholinga ndi mayunivesite a kuno monga KUHeS, MUBAS kapena MUST, MSCE yokhoza bwino imamufikitsa komweko pa mtengo wotsika kwambiri. Ndipo Cambridge siyankha konse funso loyamba lija, loti masana ali ndi yani.

Sukulu yogonera

Mwina mukudabwa kuti ndaiika m'nkhani ya kuphunzitsa mwana pakhomo. Ndaiika chifukwa makolo ambiri amene amalankhula zomuchotsa mwana pasukulu, chimene akufuna kwenikweni ndi malo amene mwana wawo sakhala wanzeru yekha m'kalasi. M'dziko muno malo amenewo alipo kale, ndipo ambiri ndi ogonera: masekondale a boma monga Dedza, Lilongwe Girls, Blantyre ndi Mzuzu, a mishoni monga Likuni, Ludzi ndi Marist, komanso Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, imene inatsegulidwa mu 1981 ndi cholinga chenicheni chosonkhanitsa ana anzeru kwambiri ochokera m'maboma onse. Mwana amene wakhala nambala wani kuyambira Sitandade 1 akafika kumalo otere n'kupezeka nambala 15, amalira teremu yoyamba, kenako amayamba kulimbikira koyamba m'moyo wake. Palibe buku kapena vidiyo imene ingamupatse zimenezo pakhonde panu.

Kwa kholo logwira ntchito, sukulu yogonera imayankha mafunso onse awiri. Mtengo wake ndi fizi, thiransipoti, ndi nyumba imene imakhala zii, makamaka ngati mwanayo ndi mmodzi yekhayo amene mumacheza naye madzulo. Palinso ana amene sakwanitsa: wamng'ono kwambiri msinkhu, wodwaladwala, kapena amene amavutika kukhala pagulu, zomwe sizachilendo mwa ana anzeru zakuya. Kwa amenewa kumukakamiza kugonera kungawononge zambiri, ndipo njira ya open ija kapena kagulu ka pakhonde n'zomwe zingamuyenere.

Ndikadafunsidwa kuti ndiziike m'ndondomeko kwa kholo la kuno lolera lokha, ndikadayamba ndi sukulu yabwino yogonera ngati mwana wasankhidwa kapena thumba likulola. Ikakanika imeneyo, kusankha kuli pakati pa kumusiya pasukulu yake n'kumamuwonjezera, ndi kumusamutsira ku open. Chosiyanitsa ndi mwanayo, ngati kunyong'onyeka kwake kwafika pomudwalitsa kapena kumuyambitsa kujomba. Kumuchotsa kotheratu ndi Cambridge ndimazisiyira amene ali ndi munthu wamkulu pakhomo ndiponso ndalama yosadalira malipiro a mwezi umodzi.

Musanasankhe chilichonse chokhudza kukhala pakhomo, yesani pa holide yaitali ya Ogasiti, sukulu isanatsegulire mu Seputembala. Mulembereni ntchito ya sabata m'kope, muzipita kuntchito monga mwa masiku onse, ndipo musamuimbire foni masana. Madzulo muziona zinthu zitatu: ngati wagwira phunziro limene salikonda, ngati aneba akudziwa kumene anali 2 koloko masana, ndiponso ngati inuyo muli ndi mphamvu zokhala naye pa tebulo theka la ola mutabwera kuntchito. Sabata yoyamba ana onse amachita bwino chifukwa n'zachilendo, choncho muweruze ndi sabata yachitatu. Zikayenda, pitani kwa ahedi a sukulu imene ili ndi open mukafunse za malo ndi masiku olembetsera mayeso teremu isanayambe, chifukwa kulembetsa kwa MANEB kumatsekedwa kudakali miyezi yambiri mayeso asanafike.